Maselo Safunsidwa

M'madambo a ku Cape Flats, ngakhalenso m'maiwe a pakati pa tauni momwe madzi a mvula amadikha, mumakhala chule wina wathyathyathya, woterera ngati mlamba, wopanda lilime, wa zikhadabo zakuda zitatu kuphazi lililonse lakumbuyo. Eni nthaka amamutcha platanna. Abale ake aliko ndi kwathu ku Malawi, m'zithaphwi za dzinja, koma sitiwalabadira. Asayansi adamupatsa dzina loti Xenopus laevis. Xenopus ndi mawu achigiriki otanthauza phazi lachilendo, ndipo chigawo choyamba cha dzinali ndi chomwe chija chili m'mawu oti xenophobia, omwe Mmalawi aliyense wokhala ku South Africa amawadziwa, ngakhale yemwe sukulu adalekera sitandade 4.

Chule ameneyu adazungulira dziko lapansi chifukwa cha mkodzo wa amayi. Lancelot Hogben, Mngelezi yemwe adaphunzitsa za nyama pa University of Cape Town kuyambira 1927 mpaka 1930, adaona kuti chule wamkazi ukamubaya jakisoni wa timadzi tochokera ku kachiwalo ka pansi pa ubongo wa ng'ombe, amaikira mazira. Mu 1933 Hillel Shapiro ndi Harry Zwarenstein a pa yunivesite yomweyo adalengeza kuti mkodzo wa mayi woyembekezera umachitanso chimodzimodzi: ubaye chule madzulo, m'mawa ukapeza mazira m'beseni ndiye kuti mayiyo ali ndi pakati. Njira zakale zinkafuna kupha mbewa kapena kalulu, pomwe chule ankatsala wamoyo n'kudzagwiranso ntchito ulendo wina. Motero achule zikwizikwi adatumizidwa ku zipatala za ku Ulaya ndi ku America. Kumeneko ofufuza za kakulidwe ka mluza adazindikira kuti atola chikwama: nyama yoikira mazira mazanamazana nyengo ina iliyonse, mazira ooneka ndi maso, okulira poyera m'mbale ya madzi. Zambiri zomwe tikudziwa lero za momwe dzira limasandukira thupi tidaziphunzira kwa chule wa ku Cape.

Dzira limagawikana pawiri, panayi, pasanu n'patatu, mpaka m'maola ochepa lasanduka kampira ka maselo zikwi zingapo. N'chiyani chimaletsa maselowa kumwazika ngati mikanda chingwe chikaduka? Ndipo atagwirana choncho, zimatheka bwanji kuti awa atsale kunja n'kupanga khungu, awa alowe m'kati n'kupanga matumbo, enawa akhale pakati n'kupanga minofu, mafupa ndi magazi? Msamuko waukuluwu asayansi amautcha gastrulation. Kwa chule umayamba patangopita maola ngati khumi. Kwa munthu umachitika sabata yachitatu, mayi asanatsimikize n'komwe kuti waima. Lewis Wolpert, katswiri wobadwira ku Johannesburg, ankakonda kunena kuti nthawi imeneyi ndi yofunika pa moyo wa munthu kuposa kubadwa, ukwati ndi imfa. Ankaseleula, koma sankanama.

Oyamba kufufuza nkhaniyi adachita zomwe mwana amachita ndi wailesi ya bambo ake: kumasula kuti aone ngati ibwerera. Mu 1907 H. V. Wilson wa ku North Carolina adafinyira siponji yamoyo ya m'nyanja pa nsalu ya silika mpaka idasanduka phala la maselo. Atalisiya m'madzi amchere, maselo adakwawa, napezana, nagwirana, nayambanso kupanga siponji. Mu 1955 Johannes Holtfreter, Mjeremani yemwe adachoka kwawo mu 1939 pothawa ulamuliro wa Hitler, pamodzi ndi wophunzira wake Philip Townes, adasindikiza zomwe adaona atamwaza maselo a miluza ya achule ndi abale awo n'kuwasakaniza. Poyamba maselo onse adagwirana mu mbulunga imodzi, osasankha. Kenako adayamba kupatukana. Oyenera kudzakhala khungu adatulukira kunja, oyenera kudzakhala ubongo adamira m'kati. Atasakaniza magulu onse atatu, gulu lililonse lidabwerera pafupi ndi malo ake akale, la minofu lili pakati.

Ndimaphunzitsa biology pa koleji ina kuno ku Cape Town, ndipo ndikafika pa zithunzi za Holtfreter ndimadziwiratu chomwe chili m'mitu ya ambiri. Chaka china adachitchula ndi mnyamata wanzeru zake, wopanda njiru konse: "Ndiye kuti ngakhale maselo amafuna kukhala ndi akwawo." Ena adaseka, ena adandiba ndi diso, podziwa kuti mphunzitsi wawo si wakuno. Mawu akewo ndi omwe ndikufuna kulimbana nawo. Kodi thupi lingatiuze kuti ndani ayenera kukhala ndi yani?

Mzinda uno udayalidwa ndi anthu omwe ankayankha kuti inde. Mu 1901, mliri wa makoswe utabuka padoko, akuluakulu adasonkhanitsa anthu akuda masauzande n'kuwatulutsira ku Ndabeni, ati pofuna kuteteza thanzi la mzinda. Mu 1923 kudabwera lamulo lowapatulira malo awoawo m'matauni, ndipo mu 1927 Langa idatsegulidwa. Mu 1950 kudabwera Group Areas Act. Pa 11 February 1966 boma lidalengeza kuti District Six ndi ya azungu okha, ndipo anthu oposa 60,000 adathamangitsidwira kumchenga. Mukakwera Table Mountain tsiku lopanda mitambo muona chithunzi cha Holtfreter chojambulidwa pansi: awa munsi mwa phiri ndi m'mbali mwa nyanja, awa pakati, enawa kutali uko komwe mphepo ya kumwera imadzaza mchenga m'mbale ya nsima.

Jan Smuts, nduna yaikulu yomwe boma lake lidakhazikitsa lamulo la 1923 lija, adalinso munthu wa mabuku. Mu 1926 adatulutsa Holism and Evolution, momwe adati chilengedwe chimapanga zinthu zathunthu zomwe zimaposa zigawo zake zitaphatikizidwa. Ndi ganizo lokoma m'khutu, ndipo Mmalawi angalimve ngati umunthu wovala suti. Koma Smuts yemweyo, polankhula ku Oxford mu 1929, adateteza zoti akuda ndi azungu azikhala ndi madera ndi mabungwe osiyana. Sindiona kuti iye ankamva kutsutsana kulikonse pamenepa, pakuti m'thupi chiwalo chilichonse chili ndi malo ake, ndipo phazi silikhala pakhosi. Chaka chomwecho, pa msonkhano wa British Association womwe udachitikira ku Cape Town, Hogben wa achule uja adatsutsana naye poyera pa nkhani ya chomwe moyo uli. Hogben sankafuna mawu akuluakulu. Ankafuna kuyesa, kupima ndi kuona chomwe chikuchitika. Tsankho la kuno linkamunyansa, ndipo chaka chotsatira adanyamuka.

Tiyeni titsate Hogben kaye, tiyang'anitsitse m'mbale muja.

Chomwe chimagwirizanitsa maselo chidadziwika chifukwa cha botolo la mankhwala. Masatoshi Takeichi wa ku Kyoto adazolowera kulekanitsa maselo ndi mankhwala otchedwa trypsin, ndipo akawasiya ankagwirananso. Atapita ku Baltimore m'zaka za m'ma 1970 adachita zomwezo, koma maselo adakaniratu. Trypsin wa ku Baltimore adali wosakaniza ndi mankhwala ena ochotsa calcium. Potsata mkuluwiko umenewu adapeza puloteni ya pachikopa cha selo yomwe imalimba pokhapokha pali calcium, ndipo calcium ikachoka imalefuka n'kudyedwa ndi trypsin. Mu 1984 adaitcha cadherin. Muiganizire ngati kamkono koboola chikopa cha selo. Kunja kamagwira kamkono ka selo loyandikana nalo, m'kati kamamangidwa ku mitanda ya selolo monga luzi limangira nsichi. Timikonoti tilipo zikwizikwi pa selo limodzi, kalikonse kofooka pakokha, koma pamodzi timasenza thupi. Tilinso mitundumitundu: E-cadherin pakhungu ndi m'kati mwa matumbo, N-cadherin muubongo ndi mumtima, C-cadherin mu mluza wa chule ukadali kampira. Mluza wa mbewa ukafika pa maselo asanu ndi atatu, E-cadherin imawakokera pamodzi mpaka malire awo osaonekanso, ndipo mluza wopanda puloteni imeneyi umalephera usanakhazikike n'komwe m'chiberekero.

Mu 1988 gulu la Takeichi lidatenga maselo omwe mwachibadwa sagwirana, ena n'kuwapatsa cadherin ya mtundu wa E, ena ya mtundu wa P. Atawasakaniza, a E adapeza a E anzawo, a P chimodzimodzi. Mpaka apa mnyamata wanga uja akupambana.

Koma Malcolm Steinberg wa ku America adali atanena kale mu 1963 kuti kupatukana sikulira kuti selo lizindikire mtundu wa linzake. N'kokwanira kuti ena azigwira mwamphamvu kuposa ena. Ogwirana zolimba amafinyirana pakati, ofooka n'kutsalira kunja, monga mafuta ndi madzi zimalekanirana m'botolo popanda chidani chilichonse. Mayi akamapeta, gaga amathawira kutsogolo kwa lichero, mphale n'kutsala, koma palibe njere yomwe yasankha mnzake. Mu 1994 Steinberg ndi Takeichi adayesa ganizoli. Adapatsa maselo cadherin ya mtundu umodzi womwewo, ena yambiri, ena yochepa, ndipo adapatukana, a yambiri m'kati, a yochepa kunja. Mu 2003 Steinberg ndi anzake adatembenuza: ma-cadherin osiyana mtundu koma ofanana mphamvu. Maselo adasakanikirana bwinobwino. Ndiye kuti chomwe m'chithunzi chimaoneka ngati fuko, kawirikawiri ndi muyeso chabe, ndipo muyesowo selo limaukweza kapena kuutsitsa m'maola ochepa.

Malire aliko ndithu mu mluza, ndipo pali mapuloteni ena, Eph ndi ephrin, omwe ntchito yawo ndi kukankha. Koma taonani momwe malirewo amakhalira. Mu 2011 ofufuza a ku Toronto ndi Montreal adajambula mpata wa pakati pa gulu lakunja ndi lapakati mu mluza wa Xenopus. Adapeza kuti maselo a mbali ziwirizi amagwirana, n'kutayana, n'kugwirananso, osaleka. Kugwira ndi kutaya kumeneku ndiko kumalola gulu lapakati kukwawa pansi pa linzake, monga wokwera mgwalangwa amasinthanitsa manja. Likadamatirira silikadayenda, likadapanda kugwira silikadayendanso. Ndipo kuti kampira kaja katalike n'kukhala mbululu, maselo amalowana pakati ngati anthu ochita mzere umodzi pa kamlatho kopapatiza, zomwe zimatheka pokhapokha atafooketsa C-cadherin yawo, monga William Brieher ndi Barry Gumbiner adaonetsera mu 1994.

Nanga gulu lapakatilo likukwawiranji? Hans Spemann ndi Hilde Mangold adatsegula njira ya yankho mu 1924. Ubongo supangika wokha. Gulu lapakati liyenera kufika pansi pa lakunja n'kulitumizira uthenga, apo ayi maselo omwe akadakhala ubongo amangokhala khungu. Galasi la m'diso limapangika pomwe mphukira ya ubongo yakhudza khungu. Dzino, impso, mapapo, tsitsi, zonsezi zimabadwira pomwe magulu awiri osiyana akumana n'kuyankhulana. Mluza umapatula kuti opatulidwawo akhudzane bwino. Langa idazingidwa ndi njanji ndi misewu ikuluikulu, umodzi mwa iyo ndi Jan Smuts Drive, ndipo mukadamanga zoterozo pakati pa magulu a mluza simukadapeza mwana wa mutu.

Gulu lomwe limandigwira mtima kwambiri ndi lina. Pamene ubongo ndi mtsempha wa msana zikupindika kukhala paipi, maselo a m'mphepete mwake amasintha ma-cadherin awo, n'kutaya anansi awo, n'kuyamba ulendo wopita kutali m'thupi. Asayansi amawatcha neural crest. Ine mumtima ndimawatcha matchona, pakuti sabwerera. Iwowa ndiwo amamanga chibwano ndi mafupa ambiri a nkhope, mnofu wolimba wa m'kati mwa mano, mitsempha yoyendetsa matumbo, ndi khoma lolekanitsa misempha iwiri ikuluikulu yotuluka mumtima. Nkhope yomwe amayi anu amakuzindikirani nayo idamangidwa ndi obwera. Maselo opanga utoto wa khungu nawonso ndi a gulu lomweli. Boma lomwe mu 1950 lidakhazikitsa Population Registration Act kuti lizilemba munthu aliyense m'kaundula potengera khungu linkayang'ana ntchito ya maselo omwe adachoka kwawo mluza uli ndi masabata ochepa. Ndipo chiwerengero cha maselo amenewa n'chofanana pafupifupi mwa mzungu ndi mwa wakuda. Chimasiyana ndi kuchuluka ndi mtundu wa utoto womwe amaphika.

Apa mtima wa Mmalawi umafuna kudzuka n'kuvina. Umakumbuka Clements Kadalie wa ku Chifira, Nkhata Bay, yemwe adafika ku Cape Town mu 1918, ndipo mu January 1919 adayambitsa ICU pakati pa ogwira ntchito padoko, bungwe lomwe m'zaka zochepa lidagwedeza South Africa yonse. Umakumbuka agogo a Wenela ndi Theba omwe adasiya mapapo awo m'migodi. Umaona anyamata a ku Mangochi ndi ku Mzimba omwe lero amadzuka mbandakucha ku Vrygrond, ku Masiphumelele ndi ku Imizamo Yethu kukasamala maluwa a ku Constantia. Umafuna kunena kuti: mwaona, sayansi yatiikira umboni, ife ndife neural crest, tikumanga nkhope ya mzinda uno.

Ndimaukaniza. Kunena choncho n'kugwera m'mbuna ya Smuts yomwe ija, kungoti polowera mbali ina.

Chifukwa choyamba n'chakuti thupi lili ngati buku lomwe mlaliki aliyense amapezamo vesi yake. Njira yomwe maselo a neural crest amatsata potaya anansi awo ndi yomwenso maselo ambiri a khansa amatsata pofalikira: kutsitsa E-cadherin, kumasuka, kuyenda. Mu 1998 Parry Guilford wa ku New Zealand adapeza kuti m'banja lina lalikulu la Amaori, lomwe anthu ake ankafa ndi khansa ya m'mimba akadali achinyamata, jini ya E-cadherin idali yolumala. Lero ena obadwa ndi jini yotere amasankha kuchotsedwa chifu chonse akadali bwino. Ndikanena kuti obwera ndi neural crest, wa Operation Dudula adzatsegula buku lomwelo n'kuti obwera ndi khansa, ndipo puloteni yomwe adzatchule ndi yomweyo. Akuluakulu a mu 1901 aja adalankhula chinenero chimenechi. Sadanene kuti akudana ndi munthu. Adati akuchiza mzinda.

Wolalikira umodzi nayenso ali ndi vesi yake, ndipo idalembedwa kuno komwe. Maselo a mtima amakokana pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo chimodzi mwa zomwe zimawagwira kuti asang'ambike ndi N-cadherin. Miluza ya mbewa yopanda puloteniyi imafa pa tsiku ngati lakhumi, maselo a kamtima kake ali balalabalala. Mu 2017 Pulofesa Bongani Mayosi wa University of Cape Town ndi chipatala cha Groote Schuur, pamodzi ndi Maryam Fish, Gasnat Shaboodien, Sarah Kraus ndi anzawo a ku Italy ndi ku Canada, adalengeza zomwe adapeza m'banja lina la kuno lomwe adalitsata zaka ngati makumi awiri. M'banjamo munkayenda nthenda ya mtima yotchedwa ARVC, yomwe imasandutsa mnofu wa mtima kukhala mafuta ndi zipsera, n'kugwetsa achinyamata mwadzidzidzi, kawirikawiri ali pamasewera. Cholakwika chidali m'jini ya CDH2, yomwe imapanga N-cadherin. Ndi ntchito yaikulu, ndipo phindu lake ndi loti abale a odwala angathe kuyezedwa zisanachitike. Koma wandale wofuna kuti tonse tiziyankhula ndi pakamwa pamodzi angaitole n'kuti: mwaona, selo limodzi likangomasula dzanja mtima umaima. Wopatula, wothamangitsa, wokakamiza umodzi, ndi ine woteteza obwera, tonse tingatuluke m'laboratore imodzi aliyense atanyamula umboni wake.

Chifukwa chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Thupi limagwirana bwino chotere chifukwa maselo safunsidwa. Dzanja la mluza limayamba ngati chipalasiro, ndipo zala zimaoneka chifukwa maselo a pakati pake alamulidwa kufa, n'kufadi. Ubongo umapanga maselo ochuluka kuposa ofunika, otsalawo n'kuwataya. Selo la khungu kapena la m'matumbo limagwira pansi pomwe lakhala ndi mapuloteni ena otchedwa integrin, ndipo likazuka pamalopo limadzipha lokha. Steven Frisch ndi Hunter Francis adapatsa imfa imeneyi dzina mu 1994: anoikis, mawu achigiriki otanthauza kusowa kwawo. M'thupi, wosowa kwawo chilango chake ndi imfa, ndipo n'chabwino kuti zili choncho, pakuti selo lokana chilangochi ndilo limayambitsa chotupa kwina. Palibe cholakwa pamenepa. Selo silimva kuwawa, lilibe mwana wolilira, lilibe maganizo pa za mawa. Lilipo chifukwa cha thupi basi.

Munthu salipo chifukwa cha dziko. Aliyense wonena kuti dziko ndi thupi, ngakhale anene mokoma bwanji, wavomereza kale kuti ena mwa ife ndi maselo a pakati pa zala. Mu May 2008 anthu 62 adaphedwa m'dziko muno pa zipolowe zothamangitsa obwera. Kuno ku Cape zidayambira ku Dunoon, ndipo anthu masauzande adagona m'matenti ku Soetwater ndi ku Blue Waters m'nyengo yozizira, pomwe boma la Malawi linkatumiza mabasi kudzatenga anthu ake. Omwe adanyamula zikwanje sadawerenge Holtfreter, koma ganizo lawo lidali la anoikis: wazuka pamalo pako, ulibenso chifukwa chokhalira moyo.

Tisamaloze chala ku South Africa kokha. Ife omwe tidakulira pansi pa ngodya zinayi za Kamuzu, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, tikudziwa momwe dziko lokhala ngati thupi limodzi limachitira ndi chiwalo chosamvera. A Mboni za Yehova adaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 masauzande adathawira ku Zambia. Mu 1989 aphunzitsi adalamulidwa kubwerera ku zigawo zakwawo, ndipo omwe adavutika kwambiri ndi a kumpoto. Mu May 2023, tili mu ufulu wa zipani zambiri, apolisi adasonkhanitsa othawa kwawo a ku Burundi, Rwanda ndi Congo omwe ankachita malonda m'matauni n'kuwabwezera ku Dzaleka, ndipo ambiri a ife tidaomba m'manja, kuphatikizapo ena omwe abale awo ali ku Joni opanda mapepala. Timati kali kokha n'kanyama, ndipo n'zoona. Koma mwambiwu ukunena kuti munthu amafuna anzake. Sukunena kuti mudzi ndi mwini wake wa munthuyo.

Pali chizolowezi china chathu chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa mawu a otida. Tikafuna kudziteteza kuno timati: Amalawi ndife olimbikira, okhulupirika, osaba, aulemu. Mabwana nawo amatiyamikira choncho, ndipo polengeza ntchito ya m'nyumba kapena ya m'maluwa ena amachita kulemba kuti akufuna Mmalawi. Zimatipezetsa ntchito, sindikana. Koma mawu amenewa ndi a selo lomwe likuuza thupi kuti: musandiphe, ndikadali ndi ntchito. Nanga mayi yemwe msana wake watha ndi kukolopa? Nanga mnyamata yemwe wakhala miyezi isanu ndi umodzi ataima pamphambano osatengedwa ndi galimoto iliyonse? Nanga waulesi weniweni, poti nafenso tili nawo? Ngati chotiyenereza kugona usiku osaotchedwa ndi phindu lomwe timabweretsa, ndiye kuti tsiku lomwe phindulo latha tavomereza tokha chotsatira chake. Malamulo aakulu a South Africa a 1996, pa gawo 27, ponena za chithandizo cha kuchipatala amagwiritsa ntchito mawu oti aliyense, osati nzika. Mawu amenewo sadapezeke m'dzira la chule. Adasankhidwa ndi anthu omwe adali atangotuluka m'dziko loyendetsedwa ngati thupi, ndipo amakhalapo pokhapokha namwino wa pawindo ndi anthu a pamzere asankhenso chimodzimodzi m'mawa uliwonse.

Sindikuti tileke kuyang'ana m'mbale muja. Ndimayang'anamo chaka ndi chaka ndipo sinditopa. Kuona kampira kakuda pamwamba, koyera pansi, kakuboola kamlomo n'kuyamba kudzimeza kokha, ndipo pasanathe masiku atatu n'kuona kamtima kakugunda, ndi chinthu chomwe ndimafuna wophunzira aliyense achione ndi maso ake. Sayansiyi imathandizanso kugwetsa bodza likabwera litavala malaya oyera. Wina akati kupatukana n'kwachibadwa, ndingamuonetse ntchito ya Steinberg. Koma imathera pomwepo. Ngakhale zikadapezeka mawa kuti maselo amadanadi ndi achilendo, District Six ikadakhalabe mlandu.

Achule aja, njira zatsopano zoyezera mimba zitabwera m'zaka za m'ma 1960, ena adatayidwa m'mitsinje, ena adathawa m'malaboratore ndi m'masitolo a ziweto. Lero Xenopus laevis ali ku California, ku Chile, ku France, ku Portugal ndi ku Sicily, komwe amadya ana a achule a kumeneko, ndipo amasakidwa. Ngakhale kuno kwawo ali ndi mlandu. Ku Cape Point kuli msuweni wake wamng'ono, Xenopus gilli, wokhala m'maiwe a madzi akuda a m'fynbos, yemwe ali pangozi yotheratu chifukwa wamkuluyu amamudya, amamulanda chakudya, ndiponso amaswana naye. Oteteza zachilengedwe amakokolola wamkuluyo m'maiwemo, ndipo ine ndimagwirizana nawo. Ndimagwirizananso ndi a Working for Water omwe kuyambira 1995 akhala akudula mitengo ya Port Jackson ndi rooikrans yochokera ku Australia. Chomwe chimandiwawa m'khutu ndi dzina. Pachingelezi cha kuno mitengo yotereyi imatchedwa alien, ndipo lamulo lomwe linkayang'anira anthu obwera kuyambira 1991 linkatchedwa Aliens Control Act. Lidalowedwa m'malo ndi Immigration Act ya 2002, koma liwulo ndimalimvabe pa wailesi, m'mawa akunena za mitengo yomwe ikumwa madzi a m'madamu, madzulo akunena za anthu a ku Mangochi ogona ku Vrygrond.